Chaka chimene nkhuku zinalanda nyumba yanga

Novembala

Choyamba chimene ndinaona ndi chitosi. Ena amati anayamba kuona mphepo, ena amati mtengo wa chimanga pa Nsaru, koma ine ndi chitosi. Ndinadzuka kuti ndisese pabalaza, ndikuona pansi ponse pali zoyerayera zamadzi, zina zobiriwira, fungo lake ngati dzira lovunda, ndipo pakati pa zonsezo mwana wanga Chifuniro wakhala phee, akupaka dzanja pansi n'kumaliika m'kamwa. Nthawi imeneyo anali akukwawa. Ndinamutsomphola, ndinamutsuka m'kamwa ndi chala changa, iye n'kumandisekerera ngati tikusewera.

Chaka chimenecho anthu amachitcha chaka cha ng'amba. Koma pabanja pathu pano mukamva akuti "chaka chimene mtengwa anachita mwano," ndi chaka chomwecho, ndipo mtengwayo ndine. Andinene. Ine sukulu ndinalekeza sitandade seveni, koma dzanja lolemba ndili nalo, ndiye nanenso ndinene mbali yanga.

Kwathu ndi ku Nambuma. Kuno ndinabwera chitengwa, kudzakhala kwawo kwa amuna anga, bambo a Tadala. Tili ndi ana awiri, Tadala mtsikana, amene panthawiyo anali ndi zaka zinayi, ndi Chifuniroyu. Nyumba yathu ndi ya chipinda ndi balaza, yofolera udzu, koma inali ndi chinthu chimodzi chimene nyumba zina zonse za pabanjapo zinalibe: chitseko cha matabwa, cha loko. Bambo a Tadala anachigula kwa akalipentala a pa Namitete chaka chimene fodya anawayendera bwino, anabwera nacho pa njinga, ndipo ankachipukuta ndi nsanza ngati galimoto.

Chitseko chimenecho ndi chimene chinandibweretsera nkhuku. Akuba atayamba kuthyola makola m'mudzimu, apongozi anga, aNambewe, anatulukira madzulo ena akukusa nkhuku zawo zonse kulunjika pakhomo panga.

"Amake Tadala, tsegulani. Izi zizigona muno. Chaka chino nkhokwe yathu ili ndi nthenga, ndipo nkhokwe yoyenda yokha siigona popanda loko."

Ndinagwada, ndinati chabwino amayi. Mtengwa ayankhanso chiyani? Pakati pa nkhukuzo panali yanga imodzi, thadzi lofiira limene mayi anga ondibereka anandibweretsera podzaona Chifuniro atabadwa.

Chitosi chija nditawaonetsa apongozi sanadabwe. Anatuma munthu kukagula makapisozi pa okala, aja ofiira mbali ina achikasu mbali ina, omwe aja timamwa anthu, anawatsegula n'kuthira ufa wake m'madzi a nkhuku. Kuno aliyense amatero. Mwana akapeza bwino mankhwala a kuchipatala asanathe, otsalawo amasomekedwa kudenga, kudikira nkhuku kapena mwana wina. Zaka zonse makapisozi ankagwira. Ulendo uno nkhuku zinamwa, zinamwanso, chitosi osasintha.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa mwezi. Tinadzala mothamanga, mwana kumbuyo, mbewu m'mbale, ndipo chimanga chinamera bwino, mizere yonse biriwiri.

Disembala

Kenako kumwamba kunatseka. Mitambo inkabwera, n'kuima pamwamba pathu ngati ikutiyang'ana, n'kupitirira ulendo wa ku Mchinji. Chimanga chinapota masamba ngati anyezi. Feteleza wochepa amene tinali naye tinamusunga, kuopa kuwotcha mbewu panthaka youma. Bambo a Tadala atasuzumira m'nkhokwe anaona kuti zatsala zofika Khirisimasi basi, ndiye anamanga kachikwama, ulendo ku esiteti ina ya fodya cha kumalire, kukagwira ganyu.

"Muzisamala chitseko, amake Tadala," anatero potsanzika. "Mvula ikamawomba muzichiphimba ndi thumba."

"Nanga ana ndiziwaphimba ndi chiyani?"

Anaseka. Amuna anga si oipa, koma amaseka pamalo olakwika.

Mwezi womwewo kunabwera mtsikana wina pa njinga yamoto, ataperekezedwa ndi alangizi a ziweto. Anati amaphunzira za ziweto kusukulu yaikulu, ndipo akupempha zitosi za nkhuku. Zitosi zenizenizo. Ankazitapa ndi kamtengo ka thonje kunsonga n'kumaika m'timabotolo, atavala magolovesi, atagwada pakati pa balaza langa. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamupatsa dzina, Nazitosi. Ena ankati akukapangira feteleza woti adzatigulitse ife tomwe. Ena ankati watumidwa ndi eni nkhuku zoyera za m'tauni kuti alodze zathu. Iye dzinalo analimva, anangoti, "Bola muzindiitana, ndiziyankha."

Anafunsa apongozi kuti makapisozi asanabwere ankazipatsa chiyani nkhuku zikadwala.

"Za kale izo," anatero apongozi. "Khungwa la muwawani, masamba a nimu, alovera waminga uja, kaya masamba a gwafa. Tidali kusinja n'kunyika m'madzi. Koma zidali za umphawi, mwananga. Lero kuli mankhwala enieni."

"Nanga enieniwo akugwira, agogo?"

Apongozi anayang'ana nkhuku zawo zitagwetsa mapiko pamthunzi, n'kunena kuti mwina ndi kutentha.

Nazitosi anakulunga makungwa ndi masamba aja m'mapepala kuti akawayese. Potuluka anaona Chifuniro akukwawira pamalo pomwe iye anagwada ndi magolovesi, ndipo nkhope yake inasintha. Ine nkhope za anthu ndimaziona. Ndinamutsatira mpaka panjinga.

"Asisi, mwaona chiyani?"

"Mwanayu amagona ndi nkhukuzi?"

"Ife kuchipinda, izo pabalaza. Pakati pali nsalu."

"Tizilombo toyambitsa matenda sitidziwa nsalu, amayi. Ngati mungathe, zitulutseni."

Ngati ndingathe. Ndinamuyang'ana akupita, fumbi kumbuyo, ndinati mumtima, inu asisi simunakwatiwe chitengwa.

Januwale

Mvula inabwerera chimanga china chitapserera kale. Tinabwezeramo mbewu momwe munafa, koma aliyense ankadziwa kuti tachedwa. Nkhokwe inatha. Pa Nsaru mavenda ankakweza mtengo m'mawa n'kukwezanso masana. Mwezi ukuyamba, tambala mmodzi ankabweretsa ndowa ya chimanga. Mwezi ukutha, ndowa yomweyo inkafuna tambala ndi mkazi wake. Kumsika wa boma anthu ankafola tsiku lonse n'kubwerako ndi thumba lopinda m'khwapa. Kunamveka kuti kukubwera chimanga cha thandizo, koma ife anatiuza kuti tili ndi ziweto, ndiye si ovutikitsitsa. Ziweto zake nkhuku zotsegula m'mimba.

Tinkadya kamodzi, madzulo. Madeya, mango osapsa ophika, nkhwani wopanda nsinjiro. Ine ndinkapalira m'minda ya aphunzitsi, mwana kumbuyo, malipiro ake mbale ya ufa. A nyumba yoyandikana nafe anakanganula malata padenga n'kukagulitsa mvula ikugwa. Ena anagulitsa chimanga chili m'munda chisanamasule n'komwe. Mayi wina anatumiza mwana wake wamkazi kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Njewa, mpaka lero sanabwerere kusukulu.

Ndinene zoona za apongozi anga, chifukwa sindikulemba kuti ndiwadetse. Mbale yawo ankaikankhira kwa Tadala n'kumanama kuti adya kale kwa anzawo. Nkhuku iliyonse imene inagulitsidwa, chimanga chake tinadya tonse. Akamati nkhuku ndi moyo wa ana, sankanama.

Pakati pa mwezi Nazitosi anabweranso kudzatenga makungwa ena. Anatiitana amayi angapo pansi pa mtengo wa mango, n'kutionetsa zithunzi pafoni yake. Kambale kagalasi, m'kati mwake zoyera ngati nkhungu ya pamkute. Anati zimenezo ndi tizilombo ta m'zitosi zathu, anachita kutidzala ngati mbewu kuti tioneke. Pakati anaikapo kapepala konyowa ndi mankhwala a m'makapisozi aja. Tizilombo tinamera mpaka kukagunda kapepalako, osaopa.

"Tazolowera," anatero. "Takhala tikulawa mankhwalawa pang'onopang'ono zaka zambiri, osakwana kutimaliza. Tofooka tinafa, tolimba tinatsala n'kuberekana. Tsopano tikalowa mwa mwana, mankhwala omwewo sangatithe."

Pachithunzi china panali kapepala ka madzi a muwawani. Kuzungulira kapepalako kunali kabwalo koyera ngati posesa, tizilombo titaima patali.

Apongozi anawomba m'manja. "Si ndidanena ine? Mitengo ya makolo imeneyo."

"Inu mudati ndi za umphawi," anatero mayi wina, tonse kuseka, njala ili m'mimba.

"Imani kaye," anatero Nazitosi. "Izi ndi za m'mbale, ndipo m'mbale si m'mimba. Sitinadziwe muyezo wake, sitinadziwe ngati zingagwire m'thupi. Pa nkhuku mutha kuyesa, poti makapisozi alephera kale, ndipo musazipatsenso. Koma mwana akadwala, chonde, kuchipatala."

Ine ndinamva mawu onsewo. Apongozi anamva za muwawani zokha.

Febuluwale

Chifuniro anayamba kutsegula m'mimba mwezi utangoyamba. Kutacha munali magazi. Thupi moto, maso kulowa, liwombo kulowa. Ndinathamanga naye ku kachipatala kathu kapafupi, anandipatsa mankhwala ndi mapaketi osungunula m'madzi, ndinamumwetsa monga anandiuzira, osaphonya, koma mwana osasintha. Ndikamuika bere m'kamwa ankangoligwira ndi milomo, mphamvu yoyamwa palibe. Ndinakumbukira kambale kaja, tizilombo togunda kapepala tija.

Apongozi anagwira tambala wawo wamkulu, amene ankamusungira tsiku loipitsitsa, n'kumupereka kwa mwini njinga yamoto kuti atifikitse kuchipatala chachikulu ku Namitete. Zimenezonso ndazilemba, asadzati ndinabisa.

Kuchipatala anatigoneka. Anamuika diripi, anatenga chimbudzi chake kukayeza, anasintha mankhwala. Ine ndinkangoyang'ana chifuwa chake, chikakwera ndipume, chikatsika ndidikire. Namwino wina wamkulu thupi, wa mawu okalipa koma manja ofewa, anandifunsa ngati kunyumba kuli ziweto. Nditamuuza za balaza langa anapukusa mutu.

"Mankhwala oyamba aja sanali oipa, mayi. Tizilombo ta mwa mwana wanuyu ndi timene sitikuwamva. Awa tamupatsawa akugwira, koma tikawaseweretsa nawonso, kutsogoloku kulibe ena ambiri."

Mwana atayamba kuyamwa bwino anatitulutsa, n'kundipatsa botolo la mankhwala amadzi oti akamalizire kunyumba. Namwino uja anandigwira pamkono.

"Akaseka, akasewera, musanamizike. Amwe mpaka tsiku limene ndakuuzanili. Ndimakudziwani, nanenso ndinakulira kumudzi. Kudenga kusapite kanthu."

Kunyumba ndinapeza zinthu zitaipa. Nkhuku zinali zitayamba kufa, zotsala zikusinza chiimire, ndipo venda amene anabwera anangozikankha ndi phazi n'kukwera njinga yake. Tadala anali atatha, mutu wokha. Koma Chifuniro anayamba kudzuka. Anayamba kukoka tsitsi la mlongo wake, anayamba kuseka. Ndipo m'mawa wina apongozi anabwera n'kukhala pakhonde panga.

"Mwana wachira, tithokoze Mulungu," anatero. "Botolo lija latsala pati?"

Ndinali nditadziwa kuti funso limeneli libwera. Botololo silinali kudenga, silinali pawindo. Ndinalimanga pamfundo ya chitenje, m'chiuno, n'kuvalanso chitenje china pamwamba, ndipo ndinkapita nalo kumunda, kumjigo, ngakhale kuchimbudzi. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

"Latsala la mwana, amayi," ndinayankha chogwada.

"Tamverani, amake Tadala. Amenewo ndi mankhwala amphamvu, adadzutsa mwana amene tidali titataya kale mtima. Timasupuni tiwiri m'madzi, nkhukuzi zidzuka. Zikadzuka venda atenga, ife tidya. Mwanayu timumalizira ndi muwawani. Si mudaona nokha pafoni paja? Mtengo udathamangitsa tizilombo."

"Anati m'mbale si m'mimba, amayi."

"Nanga m'mimba mopanda kanthu ndi m'chiyani? Tadala dzulo wagonera madzi. Mukufuna kupulumutsa mmodzi, njala idzatenge onse awiri?"

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa Tadala anali pomwepo, atatsamira khoma, akuyamwa chala. Ndinayang'ana iye, ndinayang'ana Chifuniro akusewera ndi chitsononkho, ndipo dzanja langa linapita lokha pamfundo paja. Timasupuni tiwiri. Koma ndinaonanso kabedi ka kuchipatala kaja, ndi chifuwa chija chikukwera mochedwa, ndi namwino akuti kutsogoloku kulibe ena ambiri. Njala ndimaidziwa, ndingathe kuithamangira ndi khasu. Tizilombo tikabwerera titazolowera ndi awa omwe, ndikathamangira kuti?

"Ndi tambala wanga adakufikitsani ku Namitete," anatero apongozi.

Pamenepo ndinadzuka. Kuno mtengwa salankhula ndi apongozi ali chiimire, ndipo amayi amene ankadutsa ndi ndowa pamutu anaima panjira. Ndinamasula mfundo, ndinathira muyezo wa m'mawa umenewo, ndinamumwetsa Chifuniro pamaso pawo, ndinatseka botolo, ndinalimanganso m'chiuno. Silinatayike ngakhale dontho.

"Amayi, nkhuku zimwa mitengo. Mwana amwa zake mpaka amalize. Mukalifuna botololi muyambe mwandivula chitenje pamaso pa anthuwa."

"Kodi kwanu ku Nambuma amalera chonchi?"

"Kwathu amalera ana, amayi, osati nkhuku."

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono, anasasa fumbi kumbuyo, n'kumapita osacheuka. Ine ndinabereka Chifuniro, ndinagwira Tadala padzanja, ndinatenga khasu, ndinakabandira munda wa aphunzitsi mpaka dzuwa kupendeka. Ndinabwerako ndi madeya. Tadala anadya, ndipo mbale ina ndinamutuma akapereke kwa agogo ake. Inabwerera yodzaza.

Malichi

Nkhuku sindikanatha kuzitulutsa. Si zanga, ndipo akuba anali akadalipo. Ndiye ndinatuluka ndine. Ndinasesa kakhitchini kathu, ndinawazamo phulusa, ndinayala mphasa, ine ndi ana tinasamukira m'menemo. Kodontha, konunkha utsi, pakhomo chiguduli. Anthu podutsa ankaima pakhomo la nyumba yaikulu n'kumakuwa mwachipongwe.

"Odi kwa a Nkhuku. Kodi antchito anu ali kukhitchini?"

"Alipo," ndinkayankha. "Lowani mudzamwe muwawani."

Botolo mwana analimwa mpaka tsiku limene namwino ananena. Totsalira pansi ndinatsanulira m'chimbudzi, pamodzi ndi makapisozi onse amene ndinawapeza kudenga kwanga.

M'mawa uliwonse ndinkasinja khungwa la muwawani ndi masamba a nimu, ndikunyika, ndikusefa ndi kansalu, ndikuthira m'chigubu chodula cha nkhuku. Zodwala ndinkazivundikira padera ndi dengu. Zitosi ndinkazikolopola ndi khasu n'kukazikwirira kuseri, kenako kusamba m'manja ndi phulusa ndisanagwire mwana. Imene yafa ndinkathamanga nayo kuchimbudzi wina asanaganize zoiwamba, ndipo zimenezo zinandiwonjezera mlandu, kuti ndikutaya ndiwo m'chaka cha njala.

Sindinama kuti mitengo inachita zozizwitsa. Zina zinafabe. Zina zinadzuka, thadzi langa lofiira pamodzi nazo. Kaya ndi muwawani, kaya ndi kusesa kuja, kaya zinali zoti zichira zokha, ine sindidziwa. Nazitosi atadutsanso ndinamufunsa, anati nayenso sanadziwe, akuyesabe. Anasuzumira m'khitchini muja, anaona mphasa yathu, kenako anati, "Ine ndinati mutulutse nkhuku." Ndinati, "Asisi, chinatuluka ndi chimene chikanatha kutuluka."

Maungu anayamba kukhwima. Kenako dowe. Tadala tsiku loyamba anadya mpaka kulira ndi m'mimba. Apongozi sankandilankhula, zonse zinkadzera mwa mwana: kawauze amako kuti mbuzi za eni zalowa m'munda, kawauze amako kuti kuli maliro kutsidya. Koma dzungu lawo loyamba ndinalipeza pakhomo la khitchini, popanda mawu.

Epulo

Bambo a Tadala anabwera ndi theka la thumba la chimanga ndi mapazi ong'aluka. Anapeza nkhuku pabalaza, banja lawo kukhitchini, mayi awo akulira kuti anatukwanidwa pagulu. Anaitanitsa ankhoswe. Atsibweni anga anapalasa njinga kuchokera ku Nambuma, ndipo tinakhala pansi pa mango womwe uja.

"Mwana ali moyo, tikumuona," anatero atsibweni. "Koma iwe, udaimirira?"

"Ndinaimirira."

"Udatchula za kwathu?"

"Anayamba kutchula ndi iwo, koma ndinayankha."

"Ndiye upepese. Ndi nkhuku."

Nkhuku yanga inali imodzi yomwe ija. Ndinakagwira thadzi lofiira, ndinayenda chogwada mpaka pamapazi a apongozi, ndinalipereka ndi manja awiri.

"Amayi, ndapepesa pakamwa panga, ndapepesa miyendo yanga imene inaimirira. Za botolo sindipepesa."

Atsibweni anatsokomola. Ankhoswe a kuchimuna anayang'ana kumwamba ngati akufuna mango. Apongozi analandira thadzilo, analikweza m'manja kuyesa kulemera kwake.

"Lanenepa. Mwakhala mukulipatsa chiyani?"

"Za umphawi zija, amayi."

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Apongozi sanaseke, koma thadzi sanalibweze, ndiye mlandu wa mwano unathera pomwepo. Wa nyumba ndi umene sunathe. Ankhoswe anati nkhuku zipitirize kugona m'nyumba ya loko mpaka akuba adzachepe, ndipo ine ndibwerere m'nyumba mwa mwamuna wanga monga mkazi wolongosoka.

"Bwererani, amake Tadala," anatero amuna anga anthu atabalalika. "Akundiseka ku bawo."

"Nkhuku zituluke."

"Zikagone kuti? Khola la amayi lilibe chitseko. Tikadzagulitsa soya tidzagula china."

"Tikadza, tikadza. Mwana uyu anatsala pang'ono kutisiya inu muli ku esiteti. Simunamuone. Ine ndinamuona."

Anakagona kuchipinda okha, nkhuku zikuwalondera kuseri kwa nsalu.

Meyi

Tinakolola. Ngolo sinafunike, tinatuta ndi madengu pamutu, ndipo nkhokwe inangofika m'mawondo. Soya anagulitsidwa, ndalama yake inalowa ku mchere, sopo ndi mabulangete, za chitseko osamveka. Mphepo yozizira inayamba kulowa pansi pa chiguduli chathu, Tadala n'kuyamba kutsokomola. Ndipo Chifuniro anayamba kuyenda.

Mwana akayamba kuyenda mayi amasangalala. Ine ndinachita mantha, chifukwa miyendo yake inkadziwa njira imodzi. M'mawa wina ndikuchokera kumjigo ndinamupeza wafika kale pabalaza paja, waima pakati pa nkhuku, m'manja muli nthenga, akuyang'ana pansi pofuna chotola. Ndinaponya ndowa. Madzi onse anatayika, koma ndinamugwira dzanja lisanafike.

Tsiku limenelo ndinayamba khola. Ndinadula mitengo, ndinazika, ndinaphoma ndi dothi mbali zonse kuti dzanja la wakuba lisapeze polowa. Amuna odutsa ankaima n'kumati mkazi akamanga khola nkhuku siziikira. Ndinkati ziikira kwanu. Litauma, ndinadikira tsiku la msika, bambo a Tadala atapita ku Nsaru. Ndinatenga mpeni wothyoka nsonga, ndinamasula mahinjesi, chitseko chinandigwera pamapewa, cholemera ngati munthu. Ndinachisenza pamutu, ndinadutsa nacho pabwalo ponse anthu akuona.

Kuchiimika pakhola ndekha kunandikanika. Ndikakweza uku chigwere uko, thukuta m'maso. Kenako ndinamva chapepuka. Apongozi anali atagwira mbali inayo.

"Mwapendeketsa," anatero. Anali mawu oyamba kundilankhula okha, osadzera mwa mwana kapena ankhoswe. "Kwezani kumanzereko. Mwana wanga akuphani lero."

"Andiphe ana atagona pabwino."

Titamaliza ndinakhoma loko, kiyi ndinawapatsa iwo. Kenako ndinabwerera kunyumba kwanga. Ndinapala dothi lonse la pabalaza ndi khasu, ndinakalitaya kutali, ndinawaza phulusa, ndinazira ndi dothi latsopano la kudambo. Ndinaluka chitseko cha bango, ndinadula mpiringidzo.

Bambo a Tadala anafika dzuwa litapendeka. Anaima pakhomo, njinga ili m'manja, akuyang'ana bango lija.

"Chitseko changa chili kuti?"

"Chikulondera nkhokwe ya nthenga. Mvula ikamawomba muzikachiphimba ndi thumba."

Anayang'ana kukhola, kumene mayi awo anali kulowetsa nkhuku, kiyi ali pakhosi.

"Nanga akuba akabwera kuno?"

"Adzaba chiyani? Muno mwatsala ana."

Ndinalowetsa Tadala ndi Chifuniro, ndinawasambitsa m'manja, ndinawagoneka kuchipinda. Mphasa yanga ndinaiyala chopingasa pakhomo penipeni, kuti chilichonse chofuna kulowa, cha miyendo iwiri kaya cha nthenga, chiyambe chaponda ine.